Mwana wanga woimba vayolini amuitana ku kampu ya nyimbo ku Lusaka, kodi makalabu a muno mu Chipata angatithandize?

Amake Tamara, Kapata

Muli bwanji nonse. Safunsa anadya phula, ndiye ndati ndibwere ndifunse pano popeza muno muli anthu oyenda komanso odziwa maofesi kuposa ine. Nkhani yanga ndi yaitali pang'ono, mundipirire.

Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 14, amaimba vayolini. Inde vayolini, konkuno ku Kapata, anthu akamva amayamba adabwa kaye. Inabwera ndi mlongo wanga amene agwira ntchito ku Johannesburg, anaigula kwa munthu yakale kale, amvekere mwina ana azisewera nayo. Anyamata anga awiri anaigwira tsiku limodzi basi nkuiponya pamwamba pa kabati, koma mtsikanayu anaikakamira. Poyamba ankamuthandiza akwayamasitala a kutchalitchi kwathu, iwo ndi a kiyibodi, vayolini saidziwa, koma anamuphunzitsa kuwerenga manotsi ndi kumva ndi khutu ngati nsambo yakwera kapena yatsika. Zina anatola pa YouTube pa foni yanga, mabandulo anga onse amathera komweko. Chaka chatha tinapeza mphunzitsi wina wa ku Lusaka amene amamuphunzitsa pa vidiyo ya WhatsApp Loweruka lililonse, magetsi akakhalapo netiweki nayo ikalola. Zaka zitatu tsopano. Mwanayu amadzuka ma 05 m'mawa kukaimba kuseri kwa nyumba asanapite kusukulu kuti asasokose atate ake, ndipo palibe tsiku limene ndinamukakamizapo, kuli kukakamiza ndimachita kumukakamiza kuti asiye adye kaye.

Manje mphunzitsi uja anatiuza kuti pa holide ya Ogasiti kuli kampu ya ana oimba nyimbo za kilasiko ku Lusaka, masiku 10, ana amagona konko. Tinajambula vidiyo akuimba tinyimbo tiwiri, tinatumiza, ndipo sabata yatha kalata yabwera kuti amutenga. Eni ake akuitcha summer camp, olo kuti kuno Ogasiti ndi mwezi wa mphepo ndi fumbi. Mwana wanga sanaonepo munthu wina atanyamula vayolini maso ndi maso, onse amawaonera pa foni, ndiye mutha kuona mmene analumphira atawerenga kalatayo. Usiku umenewo sanagone.

Vuto ndi ndalama. Kampu ikufuna K4,800, muli malo ogona, chakudya ndi maphunziro. Kuonjezera thiransipoti ya anthu awiri kupita ndi kubwera, poti mtsikana wa msinkhu uwu sindingamuike yekha m'basi mtunda wonse wa Great East Road, ndiyenso nsambo zatsopano chifukwa zimene zilipo ndi zomwe zija inabwera nazo, tawerengera ndi atate ake zonse zikufika K7,000. Ine ndimagulitsa zitenje ku Saturday Market, abambo akunyumba ndi akalipentala. Tasunga K2,000, ndipo kuti ifike pamenepo tachita kudzimana ndithu.

Mphunzitsi uja akuti kumaiko ena makalabu monga Rotary ndi Lions amalipirira ana oterewa. Ndiye funso langa ndi lakuti kodi kuno nako zimachitika? Munthu amayambira pati, amaonana ndi ndani? Ine ndimangoona zikwangwani zao, sindidziwa olo munthu mmodzi wa mkati. Nanga CDF, ndalama ya boma ya chitukuko cha m'konstichuwense, ingagwire pamenepa? Kunena zoona ndili ndi manyazi, sindinapemphepo munthu ndalama chibadwire, ndiponso achibale ena ayamba kale kundinena kuti ndikutaya ndalama pa zoseweretsa za azungu. Tsiku lomaliza kulipira ndi pa 20 Julayi. Chonde amene adziwa njira andiunikire.

Wopuma pantchito, Kalongwezi

Amake Tamara, mwachita bwino kufunsa poyera. Ine ndakhala membala wa kalabu ina ya mtundu umenewu zaka zambiri, ndinakhalaponso mlembi, ndiye makalata opempha thandizo ndawerenga ochuluka. Sindikulankhulira kalabu iliyonse pano, ndingokuuzani mmene zinthu zimayendera mkatimo.

Manyaziwo achotseni. Makalabuwa anayambidwira zomwezi. Rotary inayamba mu 1905 ku Chicago, Lions mu 1917 mumzinda womwewo, ndipo mamembala ake ndi anthu wamba chabe, a mabizinesi, madokotala, aphunzitsi, amene amasonkha za m'thumba mwao nkumapanganso timaphwando kapena kuyenda ndawala kuti apeze zina. Zimene anakuuzani mphunzitsiyo nzoona, ku America ndi ku Ulaya kalabu ya m'katauni kakang'ono imatha kulipirira mwana mmodzi kapena awiri kupita ku kampu ya nyimbo, ku Britain a Rotary ali ndi mpikisano wao wa ana oimba. Koma kuno kwathu kalata yanu ikafika pa tebulo idzapeza inzake ili pomwepo kale: mjigo wa pamudzi wakuti wafa, sukulu ilibe madesiki, kiliniki ifuna matiresi, ana amasiye alibe yunifolomu. A Lions mtima wao uli kwambiri pa za maso, a Rotary dziko lonse liwadziwa ndi nkhondo ya poliyo. Ndiye pa miting'i sipadzalephera munthu wofunsa kuti tipereke bwanji ndalama kwa mwana mmodzi akaimbe vayolini pamene mudzi wathunthu ukumwera pa dambo? Munthu ameneyo si woipa mtima iyai, ine ndemwe ndinafunsapo mafunso otero. Chofunika nchakuti muliyankhe funsolo m'kalata mwanu iye asanatsegule pakamwa.

Muliyankha bwanji? Mulembe chimene mwanayo adzachita akabwerako. Mwachitsanzo kuti Loweruka lililonse aziphunzitsa ana awiri kapena atatu a mu Kapata zimene watola, kapena kuti adzakaimbira odwala, kapena ana osaona a ku Magwero, kapenanso adzaimba ulere pa phwando la kalabuyo pamene akusonkhetsa ndalama. Mukatero sakuonanso mwana mmodzi, akuona ana asanu. Ndipo mulonjeze zimene mungathe, osati zokometsera kalata.

Musapemphe K7,000 yonse. Lembani pa pepala limodzi zonse zofunika ndi mitengo yake, pansi pake mulembe kuti ife makolo tapeza K2,000, kutchalitchi tikuyembekeza yakuti, kwa inu tikupempha yakuti. Munthu amene wayamba yekha kukankha ngolo ndi amene anthu amathamangira kumuthandiza. Muikeponso kalata ija yochokera ku kampu, kalata ya ahedi a kusukulu kwake yonena za khalidwe lake ndi mmene amakhozera m'kalasi, ndi ya abusa kapena akwayamasitala. Kenako munene nokha kuti ndalamayo asakupatseni m'manja, alipire okha ku akaunti ya kampu nkutenga risiti. Mau amenewo amatsegula zitseko kwambiri, chifukwa makalabu anapsapo kale ndi anthu amene analandira ndalama ya sukulu nkukagulira malata.

Za nthawi: chaka cha Rotary ndi cha Lions chimayamba pa 1 Julayi, pamene pulezidenti watsopano ndi komiti yake amalowa. Ino ndi Juni, ndiye mwafika pa nthawi yabwino komanso yovuta, otuluka akutseka mabuku, olowa akukonza mapulani. Musadikire sabata ya mawa. Musangosiya kalata kwa mlonda pa geti, funsani kumene amakumanira, nthawi zambiri ndi pa hotela kapena pa loji, mupeze dzina la mlembi mumupatse m'manja, ndipo mupemphe mphindi zisanu chabe kuti mwanayo adzaimbe pamaso pao. Ine ndaona akuluakulu ouma mtima akupisa m'thumba chifukwa choona mwana waima patsogolo pao, zimene pepala silikanachita.

CDF musaiwerengere pa ulendo uno. Ndalama zilimo ndithu, mu 2022 boma linaikweza kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse, koma mabasare ake ndi a ana a sekondale yogonera konko ndi a makoleji a ntchito zamanja, ndipo mafomu amadzera ku komiti ya chitukuko ya mu wadi pa nthawi yake yoikika. Kampu ya masiku 10 siloweka mmenemo, ndipo pa 20 Julayi padzakhala patadutsa.

Chomaliza ndi chimene chimandipweteka ine. Akakuthandizani, mudzabwerere. Tinalipirirapo mnyamata wina ulendo wa zamasewera, mpaka lero sitinamvepo olo zikomo, ndipo chaka chotsatira atabwera mwana wina ndi pempho longa lomwelo komiti inakana, mwana wosalakwa anavutikira wina. Mudzabwere ndi zithunzi, satifiketi ndi mwanayo adzaimbenso.

Mnyamata wa pa Down Shops

Amai mundikhululukire, ine ndine mwana kwa inu koma ndinena zimene zili kumtima. K7,000 ndi ndalama yambiri, ena kumudzi kwathu ku Chadiza chaka chonse saigwira. Masiku 10 chabe ndalama yonseyo? Akabwerako adzaimbira ndani muno mu Chipata? Ine sindinaonepo ntchito ya vayolini ikulengezedwa pa Breeze FM. Bola ndalamayo muisunge idzamuthandize pa koleji, unesi kapena uphunzitsi.

Chinanso, tili ndi zathu ife. Ngoma ya ku Mtenguleni pa Nc'wala, gule ndi chimtali ku Mkaika pa Kulamba mwezi womwewo wa Ogasiti, anthu amachoka ku Malawi ndi ku Mozambique kudzaonera. Gule Wamkulu a UNESCO anamuzindikira mu 2005. Ana athu ambiri sadziwa olo kumenya ng'oma imodzi, ndiye tiyambe kusonkhera nyimbo za azungu amene anafa kalekale? Sindikunyoza mwanayo, khama lake ndalimva ndipo ndalilemekeza, koma ine zikundivuta kumvetsa.

Aphunzitsi a nyimbo, Katete

Achimwene a pa Down Shops, funso lanu ndi labwino ndipo sindikufuna kulizemba, koma ndiyambe ndi amake Tamara.

Amai, mwanayo apite. Ndaphunzitsa nyimbo kusukulu ndi kutsogolera kwaya ndi bandi ya malipenga zaka zambiri, ndipo ndikuuzeni kuti chimene akachipeze m'masiku 10 amenewo WhatsApp singamupatse olo zaka zisanu. Pa foni mphunzitsi sangagwire chigongono cha mwana nkuchitsitsa, sangaone bwino kuti phewa lauma kapena chala chachikulu chikufinya khosi la vayolini. Ana odziphunzitsa okha pafupifupi onse amakhala ndi kagwiridwe kolakwika ka uta, ndipo m'mera mpoyamba, pa zaka 14 zimakonzeka, akafika 20 zimakhala zitalowa m'mafupa, ena mpaka dzanja limayamba kuwawa.

Koma chachikulu si chimenecho. Vayolini ndi choimbira cha gulu. Mu okesitira muli mavayolini oyamba, mavayolini achiwiri, maviyola (okulirapo pang'ono kuposa vayolini), machelo (aakulu kuposa maviyola) ndi besi yaikulu ija yoimirira, kumbuyo kuli zitoliro, malipenga ndi ng'oma. Onse amatchuna pa noti imodzi ya A asanayambe. Mwana amene wakhala akuimba yekha kuseri kwa nyumba sanaphunzirepo kuwerenga mabiti ali chete kudikira polowera pake, kapena kuyang'ana kondakitala wotsogolera gululo ndi diso limodzi linalo lili pa pepala, kapena kukweza ndi kutsitsa uta pamodzi ndi mnzake wokhala naye pa sitandi imodzi yoikapo manotsi. Zili ngati mtsikana woti nyimbo zonse za chimtali amazidziwa koma sanalowepo m'bwalo. Makampu oterewa amayenda motere: m'mawa gulu lililonse limayeserera palokha, pakati mwana amaonana ndi mphunzitsi payekha, masana onse pamodzi, tsiku lomaliza konsati makolo akuonera. Si zatsopano, ku Interlochen m'chigawo cha Michigan ku America anayamba mu 1928 ndipo mpaka lero ana amapitabe. Dzina la summer lija lachokera kumeneko, kwao Juni mpaka Ogasiti ndi nyengo yotentha ndipo sukulu zimatseka nthawi yaitali.

Tsopano achimwene. Mukuti nyimbo za azungu. Agogo anga aamuna anali ndi kaligo, kansambo kamodzi, kokhwekhweza ndi uta, ankaimba madzulo pakhonde akudandaula za ku migodi. Kukhwekhweza nsambo ndi uta si chinthu chachilendo kwa ife. Gitala nayo inabwera ndi alendo, lero ndani anganene kuti kalindula ndi wa azungu? Kiyibodi ya m'tchalitchi mwanu, malipenga a Boys' Brigade, solfa ya do re mi imene makwaya onse a kuno amaimbira, zonsezo zinadza pa nyanja ndipo tinazisandutsa zathu. Ku Kinshasa kuli okesitira imene inayamba mu 1994, woyambitsa wake Armand Diangienda anali woyendetsa ndege, oimba ake ndi anthu a m'makomboni ogulitsa pamsika ndi amakaniko, nsambo zikaduka ankamangapo waya wa mabuleki a njinga. Tangoganizani, waya wa njinga, ife a Chipata amene njinga zili mbwee mumsewu uliwonse! Ku Soweto kuli Buskaid, inayamba mu 1997 ndi mai wina wa ku Britain woimba viyola, Rosemary Nalden, ana a ku Diepkloof amaimba za kilasiko kenako nkutembenuza kuimba kwela, nyimbo za kwao ku South Africa, pa mavayolini omwewo, akuvina. Ku Venezuela José Antonio Abreu anayamba mu 1975 ndi achinyamata 11 chabe, ndipo m'gulu limenelo munatuluka Gustavo Dudamel amene anayambira pa vayolini nkudzakhala wotsogolera okesitira ya ku Los Angeles. Mwana wodziwa kulemba ndi kuwerenga manotsi ndi amene mawa adzakhala pansi ndi agogo a ku Chadiza nkulemba nyimbo zao zisanapite nawo kumanda. Ine nkhawa yanga ndi yomweyo ya inu, kuti zathu zikutha, kungoti ndikuona kuti Tamara ali mbali yathu.

Za ntchito sindikunamizani kuti vayolini imalemeretsa, ndipo sukulu asaitaye. Koma njira zilipo. Ku koleji ya Evelyn Hone ku Lusaka kuli maphunziro a nyimbo, mabandi a asilikali ndi a polisi amafuna anthu owerenga manotsi a sitafu, olembedwa pa mizere isanu, osati solfa yokha, masukulu apulaiveti amasaka aphunzitsi a zoimbira, ku Lusaka kuli Ngoma Dolce kumene amaphunzitsa zimenezi, kulinso mayeso a nyimbo ochokera ku Britain a ABRSM a giledi 1 mpaka 8 amene satifiketi yake imadziwika kunja. Maukwati a masiku ano nawo ayamba kufuna vayolini polowa mkwatibwi.

Koma pali pamene ndikugwirizana nanu achimwene, ndipo apa ndikupempha abambo a ku Kalongwezi amve. Kutumiza mwana mmodzi ku Lusaka chaka ndi chaka sikudzatifikitsa patali. Ndalama yotumizira ana atatu ingathe kubweretsa aphunzitsi awiri kuno kwa sabata yathunthu nkuphunzitsa ana 30. Pa holide masukulu ogonera ali pululu, madomitori alipo, maholo alipo. Ana a malipenga tili nawo kale m'matchalitchi kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi, amaimba ndi khutu chabe, ena malipenga ao mavalavu anauma chifukwa chosowa mafuta. Ndiponso timaiwala kuti Lilongwe ili pafupi kuposa Lusaka, kungodutsa pa Mwami ndi Mchinji wafika, ndipo kumeneko kuli a Music Crossroads amene amaphunzitsa achinyamata. Makolo atabweretsa ufa, nyemba ndi nsinjiro monga timachitira pa misonkhano ya mpingo, kalabu nkugwira thiransipoti ya aphunzitsi ndi kukonzetsa zoimbira, kampu yathu ingachitike mu Epulo kapena mu Disembala. Imeneyo ndi pulojekiti imene komiti singafunse kuti bwanji mwana mmodzi. Ndakhala ndikuiganiza zaka zambiri, chimene ndinkasowa ndi mwana woti anthu amuone ndi maso kuti zimatheka.

Wa viyola, kwathu ku Petauke

Anti zikomo maningi chifukwa choimirira mwana wanu, ine amai anga anachita chimodzimodzi ndipo lero ndili ku Lusaka ndikuphunzira nyimbo, ndimaimba viyola. Kampu yanga yoyamba ndinapita ndili ndi zaka 16 ndiye ndingokuuzani tinthu ting'onoting'ono timene palibe anandiuza.

Vayolini isalowe pansi pa basi pamodzi ndi matumba, olo kondakitala akakamire bwanji, aigwire pamiyendo ulendo wonse. Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, tsiku lathunthu, ndipo ku Luangwa Bridge kumatentha olo mu Ogasiti. Vayolini anaimata ndi guluu chabe, ikatenthedwa imamatuka, ndiye isakhalenso ku windo kumene kuli dzuwa. Uta aziumasula akamaliza kuimba. Nyengo youma ino zikhomo zotchunira zija zimaterereka zokha, asadabwe akatsegula bokosi nkupeza nsambo zakhwepa, atchune pang'onopang'ono. Nsambo zatsopanozo musachotse zakale zonse zinayi nthawi imodzi, kamlatho kaja kamagwa ndipo kamtengo kamkati kakhoza kugwanso, kameneko kuimika kwake mpaka katswiri. Azisintha imodzi imodzi, ndipo zikhalepo sabata imodzi kapena ziwiri asananyamuke chifukwa nsambo yatsopano imatamuka masiku oyamba. Ya E ndi yowonda, ndi imene imaduka kawirikawiri, mugule ziwiri. Atenge utomoni wa uta, pensulo ndi labala chifukwa pa mapepala a okesitira salembapo ndi bolopeni, juzi, ndi zovala zakuda za pa konsati ngati kalata yanena choncho.

Muonenso saizi yake. Mwati inabwera ali ndi zaka 11, ikhoza kukhala ya 3/4, ndipo pa zaka 14 ambiri amakhala atafika pa 4/4, saizi ya akulu. Funsani mphunzitsi wake, makampu ena amabwereketsa.

Inu ngati kholo muwaimbire a kampu muwafunse kuti atsikana amagona kuti, ndani mzimai amene amawayang'anira usiku, mwana akadwala amatani, ndipo mutenge nambala ya mzimaiyo. Kampu yabwino sikwiya ndi mafunso amenewo.

Koma chenicheni chimene ndalembera ndi ichi anti. Mumukonzekeretse mtima. Akapeza ana a ku Kabulonga, dera la olemera ku Lusaka, amene anayamba ali ndi zaka 5, aphunzitsi akubwera kunyumba, zoimbira zodula, Chizungu chili pamphuno. Iye mwina akamuika kumbuyo kwenikweni kwa mavayolini achiwiri. Ine tsiku loyamba ndinasochera pa mzere wachitatu wa nyimbo, anzanga akupita ine ndangogwira uta m'mwamba, usiku ndinalira m'bulangete ndinkafuna kukwera basi yobwerera ku Petauke. Tsiku lachinayi khutu linatseguka, ndinayamba kumva machelo kumanzere kwanga ndi mavayolini kumanja, ine ndili pakati, thupi lonse tsembwe. Mumuuze kuti kukhala kumbuyo si kulephera, ndipo asachite manyazi kufunsa wokhala naye pa sitandi. Ngati mufuna ndidzabwera pa siteshoni ya mabasi ya Intercity kudzakuchingamirani, mundilembere ku inibokosi.

Nachisale wa Chigwirizano, Mchini

Amake Tamara mwana wa mnzako ngwako yemwe. Makalabu pitani ndithu koma musalumphe ife azimai anzanu, ifenso ndife kalabu olo tilibe chikwangwani. Pa gulu lathu la chilimba mnzathu akakhala ndi chinthu chamsanga timasinthana, iye amalandira mwezi uno wina nkudikira, funsani ku gulu lanu la kumsika ngati angakusinthireni mulandire Julayi. Musatenge kaloba chonde, olo zivute bwanji.

Kutchalitchi pemphani abusa mwanayo aimbe nyimbo imodzi ya m'buku Lamulungu pa nthawi ya chopereka, nyimbo imene aliyense aidziwa, kenako mbale iyende kachiwiri. Anthu amapereka pa chimene amva ndi makutu ao. Achibale amene akukunenaniwo muwaitane adzakhale kutsogolo.

Nanga inuyo masiku 10 amenewo mukagona kuti? Musabwerere nkupitanso, ndi ndalama ziwiri. Mng'ono wanga akhala ku Kaunda Square, ndamuimbira kale wavomera, mphasa ilipo. Mutengeko nsinjiro pang'ono ndi ufa basi. Zitenje zanu munyamuleko zina mukagulitse konko.

Amake Tamara, Kapata

Ndabweranso abale anga, pepani ndinakhala chete masabata awiri, ndinali pa mwendo. Zikomo nonse, ndi inu achimwene a pa Down Shops zikomo, mau anu ndinawerengera atate ake ndipo tinakambirana usiku wonse. Tagwirizana kuti ndalama ya sukulu sitikhudza, ndipo akatsika m'kalasi vayolini ipumula.

Kalata ndinalemba monga munanenera abambo a ku Kalongwezi, ahedi anasaina, abusa anasaina. Malo ena a bizinesi kumene ndinayamba kupita anandiimika panja ola lathunthu kenako nkundiuza kuti abwana alibe nthawi ya zoimbaimba, ndinabwerera misozi ili m'maso. Koma kalabu ina inatiitana pa miting'i yao. Tamara anali kunjenjemera, poyamba uta unalira moipa ndithu, anaima, anapuma, nkuyambiranso, ndipo atamaliza chipinda chonse chinali zii. Funso lija la mjigo linabweradi, anafunsa ndi amai ena achikulire, ndipo Tamara anayankha yekha kuti pali ana atatu a pafupi ndi kwathu amene amabwera kudzasuzumira pa mpanda iye akamaimba, adzayamba ndi amenewo. Avomera K2,500, alipira okha ku akaunti ya kampu, ndipo akuti mu Sepitembala tikaonekerenso. Nkhani ya aphunzitsi a ku Katete ya kampu ya konkuno ndinaitchula, apulezidenti ao anati ilembedwe bwinobwino pa pepala aione.

Kutchalitchi mbale yachiwiri inatulutsa K1,150, alamu anga amene ankandinena aja anaponyamo nawo. Ndiye pa K7,000 yatsala K1,350. Kampu yalola kuti tilipire yotsala ya fizi pofika pa 20, ya thiransipoti ndiyo tikusakabe. Vayolini ndi ya 3/4 zoona, mwana wanga wa ku Petauke unalasa, akuti akamubwereka yaikulu akafika, za pambuyo pake tidzaona. Anachisale ndikubwera kwanu Lachitatu ndikatseka pamsika.

Manje tikuganiza zopanga kakonsati kakang'ono Loweruka la pa mapeto a Julayi, Tamara ndi kwaya ya achinyamata, polowa K20. Alipo amene adziwa holo kapena kalasi muno m'tauni imene angatibwereke ulere masana, kuyambira ma 14 mpaka ma 16? Aphunzitsi a ku Katete, ngati ana anu a malipenga angabwere mutiuze msanga kuti ndi angati tidziwe za nsima, ndipo nditumizireni nambala yanu ku inibokosi, mlembi wa kalabu uja akuifuna.